Gitala ya Kuchipinda kwa Apongozi

Pamudzi pa mayi Esteri, kufupi ndi Muloza, panalibe amene ankamukonda Joao kupatula mkazi wake Marjory ndi mwana wawo Pilirani. Anali atakhala pachikamwini zaka zisanu ndi zinayi, koma akamadutsa pabwalo anthu ankatsitsabe mawu ngati wafika dzulo. Ulesi analibe. Mkati mwa sabata ankagwira ukalipentala ku esiteti ya tiyi, ndipo chitseko chilichonse pamudzipo chinali cha manja ake. Chimene chinkawanyansa akuchikaziwo ndi kashedi kamalata kamene anamanga kuseri kwa nyumba, m'mene ankathera Loweruka lililonse akupanga magitala amagetsi.

Anali atapanga atatu. Ina anaisema pa chitseko chakale cha mkungudza chimene ku esiteti ankafuna kutaya, ina pa thabwa la tebulo la mbawa. Sankagulitsa ayi. Akamaliza ankailumikiza ku kaampulifaya kake kokuzira mawu, koyendera batire la sola, n'kuimba chapansipansi, kenako n'kuipachika pakhoma.

"Akamwini a anzathu akumanga makola a nkhumba, wathu akusema zidole," ankatero Lackson, mchimwene wake wa Marjory, amene ankapalasa kabaza pa boda ndipo ndiye anali mwini mbumba pamudzipo. "Alamu, chaka chino tidya gitala?"

Joao ankangoseka pang'ono n'kupitiriza kupala thabwa lake. Marjory ndiye ankapsa mtima, koma nayenso sankayankha. Chibadwire sanatsutsepo mchimwene wake, ndipo mayi ake ankawaopa kuposa njoka.

Kuchipinda kwa mayi Esteri, mayi ake a Marjory, pamwamba pa mitanda ya denga, kunali gitala ina yokulungidwa m'chiguduli. Inali ya malemu amuna awo, a Wilson, amene kale ankaimba m'bandi ya pa esiteti masiku olandira malipiro. Inali yofiira ngati tsabola wakupsa. Tsiku limene anthu anachokera kumanda, zaka khumi ndi zinayi zapitazo, mayi Esteri anaikulunga okha n'kunena ana awo akumva kuti, "Iyi yagona ndi mwini wake. Woikhudza wandikhudza ine."

Chaka chimenechi abale anagwirizana zoti amange chiliza pamanda a malemuwo. Tsiku lina Marjory akusesa kuchipinda kwa mayi ake anaona kafumbi koyera ngati ufa katagwa pansi, molunjika chiguduli chija. Gitala inali itayamba kufumbwa. Anaima ndi tsache m'manja, maganizo n'kumubwerera okha. Bwanji Joao ataikonza? Itati ilire pa tsiku lovundukula chiliza, mayi angalire misozi yachisangalalo, ndipo mwina kwa nthawi yoyamba angamutche mwamuna wake mwana wawo.

Anadikira tsiku limene mayi Esteri anapita kukapepesa maliro kutsidya ku Milange. Anakwera pampando, n'kutsitsa gitala, ndipo m'chigudulimo anaikamo thabwa kuti chizioneka chodzaza.

Joao anayamba wapukuta manja pa buluku asanailandire.

"Amake Pilirani, iyi si ija ya kuchipinda?"

"Ndi yomweyo."

"Amayi avomera?"

"Avomera. Angoti musawaonetse mpaka ithe. Akuti mtima wawo sungapirire kuiona ili chonchi."

Joao anamuyang'ana kanthawi, kenako nkhope yake inawala ngati ya mwana wopatsidwa nsapato. "Ndiye kuti andikhulupirira," anatero. Mawu amenewo anamulasa Marjory pamtima, koma anamwetulira.

Ntchito inatenga masabata asanu. Joao anachotsa mawaya adzimbiri, anamasula khosi la gitala n'kulisiyanitsa ndi thupi lake, ndipo kasikuluwu kalikonse ankakaponya m'chitini cha mkaka chokhala ndi chivundikiro. M'timabowo ta tizilombo anathiramo mankhwala ndi jakisoni, kabowo kamodzikamodzi. Penti yofiira ija inali itang'ambika ngati dothi la m'dambo mwezi wa Okutobala, moti panalibe kuchitira mwina koma kuipala yonse. Ankapala ndi chidutswa cha galasi, kenako sandipepala wokhakhala, kenako wosalala, mpaka thabwa linayera.

Malo amodzi okha sanawakhudze. Cham'mphepete, pamene mkono wa woimba umatsamira, penti inali itatha yokha kalekale, ndipo thabwa linali litada ndi thukuta, losalala ngati mpini wa khasu. Pamenepo Joao anaphimbapo pepala n'kumata ndi selotepi.

"Apa sindipala," anatero. "Apa ndi pa bambo anu."

Pansi pa mawaya pamakhala timabokosi tiwiri tachitsulo togwira mawu, timene Joao ankatitcha mapikapu. Tsiku limene anatsegula timabokosito, Marjory anali pakhomo la shedi akusenda chinangwa. Anaona mwamuna wake atakhala duu, akuyang'ana china chake m'manja. Kenako anachipinda n'kuchiika m'chitini muja.

"Kwagwanji?"

"Palibe. Zam'kati zinatha. Tikulunga zatsopano."

Anakulungadi. Anapeza maginito ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, n'kumangirira kachipangizo kake pa gudumu la makina osokera a Marjory. Marjory ankapukusa makinawo ndi dzanja uku akuwerenga, Joao akuwongolera wayayo ndi zala ziwiri, osapuma mwamphamvu kuopa kuudula. Pikapu imodzi inkafuna kuzungulira zikwi zisanu ndi ziwiri. Yoyamba inatha bwino. Marjory ankati akasokoneza kuwerenga, onse awiri ankaseka mpaka misozi, ndipo pa nthawi ngati zimenezo ankaiwala kuti pamwamba pa bedi la mayi ake pagona thabwa wamba.

Anali pakati pa yachiwiri, Loweruka masana, pamene Lackson anakankha chitseko cha shedi osaodira, akufuna pampu ya njinga. Thupi la gitala linali likulendewera pa waya kuchokera kudenga, loyera mbee. Khosi linali pabenchi, ndipo kumutu kwake kunali chilembo cha W chimene malemu anawotcha okha ndi msomali.

Lackson anaima ngati wapondedwa ndi galimoto. Maso ake anathamangira pa mabowo awiri opanda kanthu pamene panali mapikapu.

"Mwatsegula m'kati?" anafunsa ndi mawu ang'ono.

"Ndatsegula, alamu," anayankha Joao, akumuyang'ana m'maso.

Lackson anabwerera chambuyo mpaka pakhomo. Kenako anatembenuka n'kukuwa, mawu ake n'kumveka mpaka kuminda ya tiyi. "Amayi! Amayi, bwerani mudzaone zimene watichita mkamwini wanu!"

Mayi Esteri anafika akumanga chitenje, kumbuyo kwawo azakhali ndi akazi a nyumba zoyandikana. Mwa mwambo, iwo ndi mkamwini wawo sankayang'anana. Akafuna kumulankhula ankayang'ana kumbali, mawu n'kudzera mwa Marjory. Koma tsikuli analowa m'shedimo, anayang'ana thabwa lolendewera lija, anayang'ana chilembo cha pakhosi, kenako anamuyang'ana Joao kumaso kwenikweni.

"Mwawavula amuna anga," anatero. "Ndinawaveka ndekha, ndinawagoneka ndekha. Inu mwawavula n'kuwapachika ngati mbuzi yosenda."

"Amayi, inali ikufumbwa. Ndimati ndi…"

"Ndani amayi anu? Amayi anu ali kumene munachokera!"

Lackson anali atapeza mphamvu tsopano. Anatulukira pabwalo kuti onse amve. "Funso langa ndi limodzi, anthuni. Gitala iyi imakhala kuchipinda kwa amayi, pamwamba pa bedi lawo. Ili ndi miyendo? Inatuluka bwanji?"

Akazi aja anagwira pakamwa. Wina anati, "Mayo ine! Mkamwini kuchipinda kwa apongozi?" Wina analavula pansi. "Malaulo amenewa. Chibadwire sindinamvepo."

Panalibe mlandu woposa umenewo pamudzipo. Mkamwini akhoza kuledzera, akhoza kulephera kulima, anthu n'kumupirira. Koma woponda kuchipinda kwa apongozi ake sagonanso pamudzi.

Joao anatembenuka n'kuyang'ana mkazi wake. Anangomuyang'ana, akudikira.

Marjory dzanja lake linali likadali pa gudumu la makina. Mawu anali okonzeka pakhosi, mawu ochepa chabe: ndine ndinatenga. Koma anaona maso ofiira a mayi ake, anakumbuka mawu a tsiku la maliro aja, woikhudza wandikhudza ine, ndipo lilime linauma. Mumtima anati ndinena madzulo, mitima ikazizira. Anayang'ana pansi.

"Marjory!" anakuwa Lackson. "Unamuona akulowa?"

"Ine… sindikudziwa, achimwene."

Joao anapumira m'mwamba. Anaika pansi waya wa kopa uja mosamala, ngati akuopabe kuudula.

"Gitala mwaipeza m'manja mwanga," anatero. "Zina sindinena."

"Mwamva! Wavomera yekha!" Lackson analowanso m'shedi n'kuyamba kutaya zida panja. Macheka, tchizulo, hamala, zonse zinagwera m'matope. "Tambala wobwereka iwe, nthawi yako yatha. Unabwera uli kumsana pothawa nkhondo, takusunga, lero ukusuzumira pogona amayi? Ankhoswe ako ukawauze atipeze. Dzuwa lisalowe uli pano!"

"Lackson wanena," anatero mayi Esteri. Anadula okha waya wolendewetsa gitala uja ndi mpeni, anafungatira thupi la gitala, n'kupita kunyumba kwawo akulira mokweza. Chitseko anachimenyetsa mpaka dothi linagwa pakhoma.

M'nyumba, Joao ankapinda malaya n'kumaika m'chikwama. Marjory anagwada pafupi ndi bedi, misozi ikutsika mpaka pachifuwa.

"Bambo a Pilirani, pepani. Ndinena mawa. Ndikulumbira, ndinena."

"Munandiuza kuti avomera."

"Ndimafuna akukondeni."

"Bodza limenelo ndikanalimvetsa." Joao sanakweze mawu. "Koma lero anthu andilavulira, inu muli pompo, dzanja lili pamakina amene timapukusa limodzi. Zaka zisanu ndi zinayi ndimati pamudzi pano ndili ndi munthu mmodzi. Ndimawerenga molakwa."

"Musapite. Mwana ndimuuza chiyani akabwera kukwaya?"

"Mumuuze zoona, ngati mungathe." Anakoleka chikwama paphewa, n'kuima pakhomo. "Thabwa lija lilibe chovala. Chiperoni chikabwera limwa madzi n'kupindika. Muwauze amayi asaliike pafupi ndi zenera."

Anatola zida zake m'matope chimodzichimodzi, akuzipukuta ndi udzu. Magitala ake atatu anawasiya pakhoma. Chitseko anachitseka pang'onopang'ono, ndipo Marjory akanakonda akanachimenyetsa.

Mawa lake sananene. Mkuja lakenso sananene. Anamva kwa anthu kuti Joao akugona kwa mnzake wa kuntchito, Lenard, amene ali ndi kashopu ka mipando kuseri kwa msika wa Chitakale. Foni yake sinkayankhidwa. Chiperoni chinabweradi, phiri linabisala, ndipo masiku anayi kunali kamvula kosalekeza. Pilirani sankadya. Akazi akadutsa pachitsime ankamumvera chisoni Marjory, amvekere wapulumuka kwa munthu wopanda mwambo, ndipo chisoni chawocho chinkamuwotcha kuposa chipongwe.

Lachisanu m'mawa Lackson anafika ndi kachitini ka penti yofiira yopaka zitseko ndi bulashi yatsopano.

"Tiipake lero lomwe, tiitseke, ibwerere kudenga," anatero. "Tizitsulo tija tili kuti? Timabokosi tija?"

"Sindikudziwa, achimwene."

"Iwe zonse sudziwa! Zimene anachotsa m'katimo anaika pati?"

Anagubuduza shedi yonse. Anakhuthula mabokosi, anasuzumira pansi pa benchi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Marjory anamuyang'ana, n'kudabwa. Munthu wofuna masikuluwu safufuza choncho. Anakumbukanso funso lija la Loweruka, limene Lackson anafunsa asanakuwe: mwatsegula m'kati?

Lackson atatuluka akutukwana, Marjory anatsegula kabati kake ka ulusi. Ankadziwa kuti Joao akafuna kuti chinthu chisasowe amachiika mmenemo. Chitini chinalimo. Pamwamba panali masikuluwu, pansi pake timabokosi tiwiri tachitsulo topanda kanthu m'kati, ndipo pansi penipeni mapepala opindapinda, achikasu ndi ukalamba. Wina anawapanikiza m'timabokosimo kalekale kuti tisamagwedere, tizioneka ngati tili ndi zam'kati. Marjory anawatambasula pabondo. Anali masamba a kope la kusukulu, limodzi la iwo chikuto. Pachikutopo panalembedwa ndi bolopeni: Lackson Wilson, Fomu 3.

Anakhala pansi. Chaka chimene bambo anamwalira, Lackson anali Fomu 3. Miyezi iwiri maliro atachitika anabwera ndi njinga yakale, n'kunena kuti wapatsidwa ndi mnzake. Ndi njinga imeneyo imene anayambira kabaza.

Ndiye kuti Joao ankadziwa. Anaimirira m'shedi muja akulavuliridwa, m'manja ali ndi mlandu wa mkazi wake ndi wa mlamu wake, ndipo sanatulutse ngakhale umodzi. Marjory analira kulira kumene sanalirepo chichokereni bambo ake. Atatha anapukuta nkhope ndi chitenje, ananyamula chitini, n'kuwoloka bwalo.

Mayi Esteri anali pakhonde akusola nandolo. Thupi la gitala linali pamkeka pambali pawo, Lackson atagwada akuvundula penti ndi kamtengo. Marjory anagwada patsogolo pa mayi ake.

"Amayi, amene analowa kuchipinda kwanu ndine."

Manja a mayi Esteri anaima.

"Ndinakwera pampando tsiku lija munapita ku Milange. Thabwa m'chiguduli ndinaika ndine. Bambo a Pilirani ndinawanamiza kuti mwavomera. Phazi lawo silinapondepo pakhomo la chipinda chanu."

Mbama inalira ngati thabwa lathyoka. Marjory anagwera chammbali, khutu likulira, koma anadzuka n'kugwadanso.

"Unali pompo!" anakuwa mayi Esteri. "Ndikutukwana mwana wa eni, iwe uli pompo ngati chitsa!"

"Akumuikira kumbuyo mwamuna wake basi," anatero Lackson msangamsanga. "Musamumvere, amayi. Iwe, bweretsa chitinicho."

"Sindinathe, achimwene." Aka kanali koyamba Marjory kumudula mawu. Anatulutsa timabokosi tija n'kutiika pamkeka, kenako mapepala. "Gitala iyi inakhudzidwa kale ine ndisanaikhudze. Zogwira mawu zinachotsedwa. M'malo mwake munali izi."

Mayi Esteri anatenga chikuto chija n'kuchitalikitsa kumaso. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Sukulu sindinapite nayo patali," anatero pang'onopang'ono, "koma dzina la mwana wanga ndimalidziwa. Kope ili ndinagula ndine. Lackson, zam'kati mwa gitala ya bambo ako zili kuti?"

"Ameneyo walemba yekha Joao kuti…"

"Zili kuti?"

Lackson anaponya kamtengo kaja pansi, penti n'kuthovokera pamkeka. "Ndinagulitsa! Kwa woimba wina wa ku Milange. Nanga mumafuna ndidye chiyani? Bambo anali atafa kale! Chinthu chogona kudenga chikanadyetsa ndani?"

"Dothi la pamanda lisanaume," anatero mayi Esteri. "Ine ndikugona pansi pa chiguduli chija zaka zonsezi, ndikumati amuna anga ali pamwamba panga athunthu. Ndiye Loweruka lija umakuwa chifukwa cha mwambo, kapena umathamangitsa mboni?"

Lackson anayang'ana kumpanda, kumene akazi anali atayamba kusonkhana.

"Tsiku la chiliza usadzaime kutsogolo. Mawu a banja adzalankhula wina. Ndipo penti yakoyo ukapake njinga, poti ndi imene bambo ako anakugulira osadziwa."

Lackson anatola chitini chake cha penti n'kupita, ndipo chitseko cha nyumba yake chinamveka mudzi wonse. Akazi amene anasonkhana kumpanda anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kwina.

Marjory anayesa kugwira phazi la mayi ake, koma iwo analichotsa.

"Usandigwire. Iwe ndi mchimwene wako ndinu amodzi. Wina anaba, wina ananama, mlendo ndiye wasenza."

Anakokera thupi la gitala pamiyendo pawo. Chala chawo chinakhudza kapepala komatidwa ndi selotepi kaja. "Nanga ichi n'chiyani? Chigamba?"

"Matulani muone."

Anamatula. Pakati pa thabwa loyera panaoneka malo akuda aja, osalala, olowa pang'ono ngati pamene mutu umagona papilo. Kenako anaika mkono wawo pamenepo, monga ankaikira malemu, ndipo unakwana.

"Anati apa sapala," anatero Marjory. "Anati apa ndi pa bambo."

Mayi Esteri anawerama n'kulira, chipumi chili pathabwa. Marjory anakhala pomwepo osawakhudza mpaka anatonthola.

Loweruka m'mawa anthu a pa siteji ya Muloza anaona zachilendo. Mayi wachikulire anakwera minibasi atabereka thabwa kumsana m'chitenje ngati khanda, mwana wake wamkazi akumutsatira ndi khosi la gitala lokulungidwa m'nsalu. Kondakitala anati katunduyo apite kumbuyo. Mayi Esteri anamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kusiya.

Ku Chitakale anapeza Joao kuseri kwa msika akupala mwendo wa mpando, Lenard ndi akalipentala ena awiri ali pambali. Atawaona anaimirira n'kuvula chipewa, koma nkhope yake sinasinthe. Mayi Esteri anaima chapatali, atayang'ana kumbali monga mwa kale.

"Nena," anauza Marjory. "Mokweza. Unakhala chete pagulu, ulankhulenso pagulu."

Marjory anagwada pa utuchi. Macheka a akalipentala anasiya kulira, ndipo amayi ogulitsa nthochi anatembenuka.

"Bambo a Pilirani, gitala ndinatenga ndine kuchipinda kwa amayi. Ndinakunamizani, ndipo tsiku la mlandu ndinakukanani. Kumudzi ndanena, onse amva. Chitini ndinachipeza, amayi aona zonse."

"Masiku asanu ndi awiri," anatero Joao.

"Eya."

"Tsiku lililonse ndimayang'ana msewu uwu."

Misozi ya Marjory inkagwera pa utuchi.

"Za alamu sindinafune kuti zituluke," anatero Joao, akulankhula kwa apongozi ake koma maso ali pansi. "Anali mwana nthawi imeneyo."

"Loweruka lapitali sanali mwana," anayankha mayi Esteri. Anamasula chitenje, anatsitsa thupi la gitala, n'kuyenda okha mpaka pabenchi. Sanapatsire Marjory kuti apereke. Analiika m'manja mwa Joao ndi manja awo awiri.

"Pakamwa panga panatuluka zonyansa, bambo. Sindingazimezenso. Koma amuna anga ali maliseche. Mwawavula ndinu, muwavekenso ndinu."

Joao analitembenuza thabwalo, analiyang'ana cham'mbali ndi diso limodzi ngati lapindika, n'kuligogoda ndi chala.

"Mwalisunga bwino. Silinamwe madzi."

"Ndimagona nalo m'bulangete. Uyu anandiuza za zenera."

Lenard anatsokomola kubisa kuseka. Joao sanaseke.

"Chiliza ndi masabata atatu akubwerawa," anatero. "Sizitheka. Penti imapoperedwa kangapo, ulendo uliwonse iume kaye. Kenako vanishi, nayenso aume, ndiye ndipukute. Ndikathamanga idzang'ambikanso."

"Chiliza chadikira zaka khumi ndi zinayi. Chidikira penti."

"Komanso pano sindingapopere. Fumbi lachuluka."

"Shedi ndasesa ndekha dzulo," anatero mayi Esteri. "Ili pomwe munaisiya."

Joao anasisita malo akuda aja ndi chala chake. Marjory anali chigwadire, osayerekeza kudzutsa mutu. Anamva mapazi akulowa m'shopu, kenako kulira kwa zitsulo zikuikidwa m'thumba. Mapaziwo anabwerera n'kuima patsogolo pake.

"Dzukani, anthu akuona," anatero Joao. Sanamugwire dzanja. "Za ine ndi inu sizinathe. Tikakambirana kunyumba, ndipo zitenga nthawi kuposa penti."

"Ndamva."

"Pikapu yachiwiri ija sinathe kukulunga. Tinalekera pa zikwi zitatu."

Marjory anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Zikwi zitatu ndi mazana anayi."

Joao anamuyang'ana. Kenako anamupatsa thumba la zida kuti asenze, iye n'kunyamula gitala, ndipo atatuwo analowera ku siteji, mayi Esteri ali patsogolo.